Sikelo inkayeza mwana yekha, ine ndikutha

Ndinachira mu Ogasiti 2023, mwana wamkazi, wachitatu kwa ine. Tinamutcha Amina. Pa sikelo yomaliza ndili woyembekezera ndinkalemera makilo 64, ndipo ndisanaime ndinkakhala cha pa 56. Patatha miyezi 7 chibadwire mwanayo ndinakwera sikelo kuchipatala chachikulu ku boma, nambala n'kuima pa 46. Pakati ponsepa palibe tsiku ndi limodzi lomwe limene munthu anandiyeza, chonsecho mwezi uliwonse ndinkapezeka kusikelo ya ana, buku m'manja, mwana kumsana. Ndikulembera inu amayi anzanga amene mwayamba kupinda chitenje china m'chiuno, mkati mwa siketi, kuti anthu asaone mmene mwathera. Inenso ndinkatero.

Ndimakhala m'mudzi wina wa m'mbali mwa nyanja, pamsewu wochoka ku boma la Mangochi kupita ku Monkey Bay. Ntchito yanga ndi ya usipa. Ndimapikula kudoko m'bandakucha, kuyanika pathandala, kenako kugulitsa milumilu pamsewu kapena kwa amayi ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene amagula wambiri. Bambo a ana anapita ku Joni mu Meyi, ine mimba ili ya miyezi 6. Kuno zimenezo si zachilendo. Ukawerenga nyumba za mzere wathu, zambiri mwamuna ali ku Joni. Analonjeza kuti azitumiza mwezi ndi mwezi, ndipo miyezi iwiri yoyamba anatumizadi. Kenako ntchito ya m'shopu imene anaipeza inatha, ndalama n'kumabwera mwa apo ndi apo.

Pochira ndinataya magazi ambiri. Anamwino anandiuza zimenezi, anandipatsa mapiritsi owonjezera magazi, nati ndibwerenso pakatha sabata imodzi komanso pakatha masabata 6. Ulendo wa sabata imodzi ndinapita chifukwa cha mchombo wa mwana. Wa masabata 6 ndinapita mwana yekha ndiye nkhani, katemera, ine osadzitchula n'komwe. Mapiritsi aja ndinamwa masiku anayi basi. Ankandichititsa nseru, chimbudzi chinada bii, ine n'kuopa kuti andiwononga m'mimba. Ndinawaponya padenga. Pano ndikudziwa kuti kuda kwa chimbudziko ndi mmene mapiritsiwa amachitira, si vuto, ndipo nseru imachepa ukamwa utadya kapena pokagona. Ndikanangofunsa, yankho lake linali la mawu awiri.

Masabata oyamba ankandisamala ndithu. Apongozi ankabwera ndi phala, achemwali anga anandifululira thobwa kuti mkaka utuluke. Koma chisamaliro cha mayi wochira kuno chimatha mwana akangotuluka chikuta. Aliyense amabwerera ku mavuto ake. Patatha masabata atatu ndinali nditabwerera kudoko, chifukwa mpamba ukaugoneka umadyeka. Ndinkadzuka 4 koloko, kumangirira mwana, kusenza beseni. Chakudya cham'mawa chinali tiyi wopanda mkaka, nthawi zina ndi kachinangwa. Masana nthawi zambiri ndinkaiwala kudya, kapena ndinene zoona, ndinkadziiwalitsa. Madzulo ndinkaphika nsima, kugawira anyamata anga awiri, kupatula ya apongozi, ine n'kudya yotsalira ndi zokanda za mumphika.

Anthu amaseka ndikamanena kuti wogulitsa usipa ankadya nsima ndi mchere. Koma amene anachitapo geni akudziwa. Mulu uliwonse pathandala umauona ngati ndalama, ndalama ya sopo, ya chigayo, yobweza ku banki mkhonde Lachinayi. Kutapa dzanja limodzi kuti uphike kumakhala ngati ukudzibera wekha. Ndiye ana ndinkawaphikira timitu ndi tonyenyeka totsalira pansi pa thumba, ine n'kumati ndadya kale kudoko.

Mu Novembala boma linagwetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, ndipo zinthu zinakwera ngati zauluka. Mafuta ophikira tinayamba kugula a m'timapepala ta pulasitiki, shuga wa pasipuni. Asodzi nawo anakweza chifukwa cha mafuta a injini. Chimanga chathu chinatha mu Disembala, tinayamba kugula cha pachigoba. Pofika Januwale tinali tikudya nsima kamodzi patsiku, mango atatha.

Apa ndipamene ndinayamba kuona kuti thupi likuchoka. Siketi imene ndinkavala ndisanaime inayamba kutsetsereka. Mafupa a pakhosi anatulukira moti madzi ankakhalamo ndikamasamba. Ndikanyamuka msanga pamkeka m'maso munkachita mdima, m'makutu n'kumalira. Kuchoka kumjigo ndi ndowa ya malita 20, mtunda umene ndinkayenda ndikucheza, ndinkatula kawiri, mtima ukugunda ngati ng'oma. Chinanso chimene sindinauze munthu n'chakuti ndinkalakalaka dothi. Ndinkakanda la pachipupa cha khitchini n'kumatafuna mobisa, ngati ndidakali ndi pakati. Sindinkadziwa kuti chilakolako chimenechi kawirikawiri chimayenda ndi kuchepa kwa magazi.

Koma Amina ankakula bwino zedi. Mwezi uliwonse ndikamupachika pa sikelo ija ya pamtengo, atavala kabudula wa nsalu, nambala inkakwera. Alangizi a zaumoyo ankalemba kadontho m'buku, mzere n'kumakwera phiri. Ankandiyamikira pamaso pa anzanga kuti, "Onani mayi awa, akuyamwitsa mwakathithi." Ine n'kumamwetulira. Ndinkaganiza kuti ngati mwana akunenepa ndiye kuti inenso ndili bwino, poti mkakawo ukuchokera mwa ine. Zoona zake n'zakuti thupi la mayi limayamba lasamala mkaka. Chakudya chikachepa, limatapa m'nkhokwe ya mayiyo, mafuta ake, mphamvu zake, mwana n'kumaoneka bwino kwa nthawi ndithu pamene mayi akutha. Sindikuwada alangizi aja. Anthu awiri kuyeza ana mzere wautali padzuwa, maso awo amakhala pa mwana. Nanenso ndinkavala zovala ziwiriziwiri, kumutu mpango wophimba mpaka masaya.

Chimene ndinkabisira ndi miseche. Kuno mayi akaonda mwamuna ali ku Joni, anthu safunsa kuti ukudya chiyani. Amangoyang'anana. Tsiku lina kudoko ndinamva mayi wina akuuza mnzake, osatsitsa n'komwe mawu, kuti, "Zomwezi izi, anamusiyira asanapite." Ndinabwerera kunyumba miyendo ikunjenjemera. Ndili woyembekezera anandiyeza magazi ndipo ndinalibe kachilombo ka HIV, koma mantha anandilowa kuti mwina kanali kasanaonekere. Mmalo moti mantha andithamangitsire kuchipatala, anandikhazika pansi. Ndinkati bola kusadziwa. Akuluakulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, ndipo ine ndinatsala pang'ono.

Apongozi nawo anali ndi maganizo awo. Anandiitanira kuseri kwa nyumba nati, "Make Amina, ichi n'tsempho. Mwana wangayo kumene aliko sakudzisunga, ndiye zikugwera inu." Ankanena mondimvera chisoni, osati mondinyoza. Anandiperekeza kwa sing'anga wina kutsidya kwa msewu. Tinalipira K8,000 ndi nkhuku, yomwe inali thadzi lathu lomaliza loikira mazira. Anandipatsa mizu yoviika m'madzi, yowawa, imene inanditsegula m'mimba masiku atatu. Ndinatuluka mmenemo nditaonda ndi mutu womwe. Mpaka lero thadzi lija limandiwawa kuposa ndalamazo, chifukwa mazira ake ndi amene thupi langa linkasowa.

Za m'mutu ndiye zovuta kuzifotokoza. Tulo tinandithawa. Mwana akagona ine ndinkangoyang'ana denga, kuwerenga ngongole. Ndinkalira popanda wondiputa, nthawi zina ndikuyanika usipa misozi ikugwera pathandala. Anyamata anga ndinkawakalipira pa zinthu zazing'ono, wamkulu mpaka anayamba kundizemba. Amina akalira usiku, pena ndinkangomuyang'ana osamunyamula, mumtima mulibe kanthu, kenako n'kudzida ndekha kuti ndine mayi wanji. Ngakhale chakudya chikapezeka, pakhosi sipankadutsa. Foni ya bambo ake ikalira ndinkangoti tonse tili bwino, poopa kuti ndikadandaula aziti ndikufuna ndalama.

Mu Febuluwale mvula inadula, chimanga chathu chinapserera chisanabereke. Mu Malichi a Lazarus Chakwera, amene anali pulezidenti nthawi imeneyo, analengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño, koma ife tinali titaziona kale m'munda. Mwezi womwewo unali wa Ramadhani. Ndinayamba kufunga, kusala kudya masana, pamodzi ndi anzanga. Ndinkadziwa ndithu kuti woyamwitsa amaloledwa kusiya n'kudzabweza masikuwo pambuyo, koma ndinali ndi zifukwa ziwiri zimene sindinkauza munthu. Choyamba, anthu akandiona ndikudya masana akanati ndikumwa mankhwala aja a kachilombo. Chachiwiri, kufunga kunkandibisira umphawi, poti aliyense sakudya masana.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndinagwa. Ndinali ndikutembenuza usipa cha m'ma 11 koloko, dzuwa la ku Mangochi lili pamutu. Ndimakumbuka thandala likupendekeka, basi. Ndinatsitsimuka nditagona pamchenga, anthu atandizungulira, wina akundikupiza ndi chivindikiro cha ndowa. Mwamwayi Amina ndinali nditamugoneka pamthunzi. Nthawi zambiri ankakhala kumsana, ndipo ndinagwa chagada.

Amene anandithandiza ndi mayi wina wachikulire amene timayanika moyandikana, tonse timangowatcha anganga. Sanafunse maganizo anga. Anaitana njinga yamoto, anandikweza, iwo n'kukhala kumbuyo kwanga atabereka Amina. Kuchipatala chathu chaching'ono anandiyeza malungo, sanapezeke. Adokotala anandikoka chikope n'kuyang'ana m'kati, anayang'ananso zikhatho, nati magazi achepa kwambiri koma poyezera pake palibe tsiku limenelo, ndipite ku boma. Tinagona kunyumba, m'mawa mwake n'kukwera minibasi. Kupita ndi kubwera anthu awiri, kuphatikiza njinga ya dzulo lake, zinatidyera pafupifupi K14,000. Anganga ndi amene anabwereka ku gulu lawo m'dzina lawo.

Ku boma tinafika 8 koloko, tinaonana ndi adokotala cha m'ma 1 koloko. Mukamapita tengani madzi, kachakudya ndi matewera okwanira, komanso buku lanu lachipatala, osati la mwana lokha. Langa ndinaliiwala, ndinachita kugula lina pageti, mbiri yonse ya uchembere wanga n'kumafotokoza pamtima. Anandikweza sikelo, ndi pamene ndinaona 46 uja. Anandikulunga kalamba pamkono, anatenga magazi, mkodzo ndi makhololo. Anandifunsa ngati ndikulola kuyezedwanso kachilombo. Ndinavomera mutu uli pansi. Mphindi zimene ndinadikira pabenchi paja zinali zazitali kuposa miyezi yonse ija.

Kachilombo sanakapeze. Chifuwa chachikulu sanachipeze. Magazi anali pa 7.9, pamene mayi amene sali woyembekezera amayenera kukhala pa 12 kapena kuposa. Mumkodzo anapeza likodzo. Ine moyo wanga wonse ndimachapa ndi kusamba m'nyanja, ndipo timagazi ta kumapeto kwa mkodzo ndinkangoti n'zotsalira za uchembere. Ndiye onani mmene zinaunjikirana: ndinataya magazi pochira, mapiritsi ndinataya, likodzo likundikha magazi pang'onopang'ono, mwana akuyamwa usana ndi usiku, ine ndikudya kamodzi. Anamwino amene anandipatsa zotsatira anandiuzanso kuti mayi woyamwitsa amayenera kuyezetsa kachilombo mobwereza, ndipo kakapezeka pali mankhwala oteteza iye ndi mwana yemwe. Kunena kwina, ngakhale chimene ndinkaopacho chikanakhala choona, kubisala kukanangoika Amina pangozi.

Anamwino omwewo, mayi wa imvi pang'ono, atamaliza kulemba anatseka buku n'kundiyang'ana. "Mayi, mumagona?" Funso limenelo ndi limene linanditsegula. Ndinalira mpaka manyazi anatha. Ndinawauza zonse, ngakhale zoti masiku ena ndinkalakalaka nditangogona osadzukanso. Sanadzidzimuke. Anati amayi ambiri amadwala maganizo akachira, makamaka amene akusenza okha banja, ndipo si misala, si ulesi, si kusapemphera. Ananditumiza kwa anamwino oona za matenda a maganizo pachipatala pomwepo, amene ndinacheza nawo tsiku lomwelo ndi maulendo ena awiri pambuyo pake. Ulendo wachinayi sindinapite, ndalama yoyendera inasowa.

Anandipatsa mankhwala a likodzo omwa kamodzi, ndi mapiritsi a magazi a mwezi umodzi, ena ndizikatenga kwathu mpaka ikwane miyezi itatu. Mwezi wachiwiri kwathu anali atatha, ndinagula kufamase. Anandiletsa kumwera tiyi mapiritsiwo kapena kumwa tiyi pa nthawi ya chakudya, chifukwa amatchinga thupi kutenga zimene zimapanga magazi. Anati bola madzi a malambe kapena a mandimu, omwe amathandizira. Ndinaseka ndekha, poti malambe kuno amangogwa, ana n'kumaseweretsa.

Za kufunga, anganga anapita okha kwa akazi a shehe, ndipo iwo anabwera kunyumba madzulo ake. Anati, "Mwanangu, Mulungu anakupatsani chilolezo, inu mukuchikana chifukwa cha maso a anthu?" Mawa lake anatumiza mwana ndi mbale ya futali wa mbatata masana dzuwa likuswa mtengo, aliyense akuona. Miseche sinathe tsiku limenelo, koma ine inasiya kundilamulira.

Kuchipatala amaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo kale ndikamamva ndinkati zimenezo n'za anthu a malipiro. Nditakhala pansi ndi anganga tinaona kuti zambiri zili pafupi. Lamulo loyamba anandiikira iwo: usipa ukangofika pathandala, dzanja limodzi lizipita m'kambale ka kunyumba ndisanagulitse mulu ndi umodzi womwe. Wina tinkausinja n'kuthira m'phala la mgaiwa pamodzi ndi nsinjiro, phala lomwelo kudya ine ndi Amina, amene anali atayamba kale kulawa zakudya. Ufa woyera ndinausiya, mgaiwa umakhutitsa komanso chigoba chimodzi chimatuluka ufa wambiri. Masamba ndinkathyola bonongwe, chisoso, chigwada ndi khwanya, zimene sizifuna ndalama. Lamulo lachiwiri linali lovuta kwambiri: ndizidzipakulira mbale yanga nthawi imodzi ndi ana, osati kudikira zotsala. Masiku oyamba nsima inkandikakamira pakhosi ndikaona anyamata akuyang'ana mbale yanga. Anamwino anali atandiuza kuti woyamwitsa amafunika kudya kawiri kowonjezera patsiku. Kawiri sindinkakwanitsa, koma kamodzi ndinkayesetsa, ngakhale chikhale chinangwa chophika ndi mtedza wodzaza dzanja.

Ndinawauzanso bambo a Amina zoona zonse pafoni, ndi nambala ya sikelo yomwe. Anakhala chete nthawi yaitali. Sabata imeneyo anatumiza ndalama imene inabweza ngongole ya anganga. Sikuti kuchokera pamenepo ankatumiza mwezi uliwonse, ayi, koma anasiya kuganiza kuti kuno zonse zili bwino. Apongozi sanasiye kukhulupirira za tsempho, amati mizu ija ndi imene inayamba ntchito. Sindinalimbane nawo. Anayamba kumutenga Amina masana kuti ndigoneko ola limodzi, ndipo zimenezo zinandichiza kuposa kupambana mkangano.

Kuchira kunachedwa. Chizungulire chinatha patatha pafupifupi mwezi, koma thupi linkabwerera ngati likukakamizidwa. Mu Epulo madzi a m'nyanja anakwera kwambiri mpaka kumiza malo amene tinkayanikapo, tinachita kusamutsa mathandala. Mu Juni ndi Julayi mwera unkaletsa asodzi kulowa m'madzi masiku angapo otsatizana, geni n'kuima, kudya n'kuchepanso. Pofika Seputembala ndinali pa 51. Kusikelo ya ana ndinayamba chizolowezi chimene anzanga ankandiseka nacho poyamba: akamaliza kuyeza Amina, ndinkapempha kulowa mkati kukakwera sikelo ya akuluakulu, nambalayo n'kulemba ndekha kuchikuto kwa buku langa. Palibe anandikanizapo.

Pali mbali ina imene sindinkaiyembekezera. Bambo ake anabwera mu Disembala 2024, ndinayamba kubayitsa jakisoni wolera wa miyezi itatu, ndipo ndi kampamba kamene anabwera nako ndinawonjezera geni ya mandasi. Otsala osagulidwa ndinkadya ndekha ndi tiyi wa shuga wambiri, tsiku lonse nditakhala pabenchi. Amina anasiya kuyamwa. Thupi linabwera mothamanga, mpaka 67. Anthu omwe aja ankandinena anayamba kundiyamikira kuti, "Eee, Joni yabwera, mayi akusamalidwa." Ndinkasangalala, sindiname. Munthu amene anatchedwapo wodwala, kunenepa kumakoma ngati kubwezera. Koma mawondo anayamba kuwawa, mutu kumbuyoku kumalemera, ndipo tsiku lobayitsa atandiyeza BP anati yakwera, ndibwerenso pakatha sabata adzaonenso. Ndinafunsa ngati ndi jakisoni akundinenepetsa. Anati amayi ena amanenepa naye, ena ayi, ndipo ngati sindikumufuna ndisangosiya, tikambirane njira ina. Anandifunsanso kuti ndimadya mandasi angati patsiku. Ndinachita manyazi kutchula.

Ndinachepetsa shuga ndi mchere, mandasi otsala ndimagulitsa motchipa madzulo mmalo mowadya, ndipo kudoko ndinayambanso kupita wapansi. Mwezi watha ndinali pa 61, BP ili mmalo mwake. Tsiku limenelo pamzere wa sikelo panali mtsikana wina wa mwana woyamba, mwana wonenepa bwino, iye atavala juzi dzuwa lonse lija. Titamaliza ndinamugwira dzanja n'kumuuza kuti andiperekeze mkati, ine ndikukakwera sikelo. Nditatsika ndinamulandira mwanayo. Anayang'ana kukhomo kaye ngati pali amene akumuona, kenako anavula patapata n'kukwera.